Kwaya ikuimba bwino koma mpingo ukungoonerera: tiyambire pati?

Mlembi_wa_komiti

Abale ndi alongo, ndithandizeni nzeru. Mpingo umasonkhana anthu pafupifupi 150 Lamulungu lililonse. Kwaya ndi yabwino, zida zilipo, ulaliki nawo palibe amene akudandaula. Koma nthawi ya nyimbo anthu amangoyang'ana kutsogolo manja ali lende, ena milomo ikungogwedezeka mawu osamveka. Abusa akangopereka mdalitso womaliza, pakapita mphindi 5 m'tchalitchi mwatsala mabenchi okhaokha. Mlendo amabwera kamodzi kapena kawiri, kenako zii. Ena m'komiti akuti tigule masipika akuluakulu, ena akuti tiwonjezere nthawi ya matamando. Kupemphera tikupemphera kale, tsono tiuzeni zoti manja athu agwire kuti anthu azikondwera kupembedza limodzi.

Mphunzitsi_wa_nyimbo

Achimwene, masipikawo ayambe adikira. Yambani ndi kiyi, kutanthauza kukwera kapena kutsika kwa nyimbo.

Munthu wamba amene sanaphunzire kuimba, mawu ake amayenda bwino kuyambira pa C wapakati pa kiyibodi mpaka pa D wapamwamba pake, omwe ndi manoti oyera 9 okha. Abambo amaimba manoti omwewo koma okitevu imodzi pansi. Nyimbo ikakwera kufika pa F kapena G n'kukhalitsa komweko, amatsala ndi woyambitsa nyimbo ndi masopurano a kwaya. Ena onse amayesa mzere woyamba, kukhosi kumathina, basi amangokhala chete. Si mwano ayi, sangafikeko. Zimachitika chifukwa woyambitsa amasankha kiyi yomukomera iye, kapena amatengera ya woimba amene anajambula nyimboyo, yemwe mawu ake ndi ophunzitsidwa. Pa nyimbo iliyonse pezani noti yokwera kwambiri, mutsitse kiyi mpaka notiyo igwere pa D, zikavuta pa E koma yongodutsa. Makiyibodi ambiri ali ndi batani la transpose lokweza kapena kutsitsa kiyi, ndiye woliza safunika kuphunziranso kayendetsedwe ka zala. Kiyiyo ilembedwe m'kabuku pambali pa dzina la nyimbo, kuti sabata yamawa asamasakesake anthu ataimirira kale.

Kenako nyimbo zatsopano. Imodzi pa mwezi yakwana. Sabata yoyamba kwaya iimbe yokha anthu atakhala pansi, ikatha woyambitsa aphunzitse kolasi yokha, mzere ndi mzere, iye aimbe iwo abwereze, zida zitaima. Sabata yachiwiri ndi yachitatu iimbidwe yonse. Yachinayi ipume, yachisanu ibwerenso. Ikafika pamenepo anthu asanaigwirebe, isiyeni, ngakhale kwaya ikuikonda chotani. Nyimbo imene mawu ake amathamanga, kapena imene ndime iliyonse ili ndi kayimbidwe kakekake, ndi ya kwaya, si ya gulu.

Njira yodziwira ngati mpingo ukuimbadi ndi yophweka. Pa kolasi imene onse amaidziwa, oliza zida aime, woyambitsa achotse maikolofoni pakamwa. Chimene mumve panthawiyo ndiwo mawu enieni a mpingo wanu. Muzichita zimenezi kamodzi pa mapemphero aliwonse, chifukwa anthu akadzimva okha amalimba mtima n'kukweza mawu.

Pa Aefeso 5:19 ndi Akolose 3:16 kuimba kukunenedwa ngati chinthu chimene okhulupirira amachitirana wina ndi mnzake. Ndipo cha m'ma 112 AD, Pliny, bwanamkubwa wa dera la Bithynia, analembera mfumu Trajan ya Roma kuti Akhristu amasonkhana tsiku loikika kusanache n'kumaimbira Khristu nyimbo mopolokezana. Kuyambitsa ndi kuyankha n'kwakale choncho. Gawani mpingo pawiri, mbali iyi mzere uwu, mbali iyo mzere winawo, muone ngati wina angatsale chete.

Wa_pamikisa

Ndigwirizana ndi aphunzitsi, ndipo ndiwonjezere za phokoso. Munthu akapanda kumva mawu ake kapena a amene waima naye pafupi, amasiya kuimba. Masipika akuluakulu angangowonjezera vutolo.

Ikani pulogalamu yoyezera phokoso mu foni (zaulere zilipo, si zolondola kwenikweni koma zimapereka chithunzi), muime pakati pa tchalitchi nthawi ya nyimbo. Ngati ikuwerenga madesibelo (muyeso wa kukula kwa phokoso) oposa 90, tsitsani. Bungwe la ku America loona za chitetezo cha anthu pa ntchito la NIOSH limati madesibelo 85 munthu angawapirire kwa maola 8, ndipo akakwera ndi 3 nthawiyo imadulidwa pakati: pa 94 ndi ola limodzi, pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Ana ndi okalamba amene amakhala kutsogolo ndiwo amayamba kupwetekeka.

Masipika akhale m'mwamba kupitirira mitu ya anthu ataimirira, oweramira pang'ono pansi, oloza mabenchi a pakati ndi akumbuyo. Akakhala pansi, matupi a anthu a mzere woyamba amameza mawu, akumbuyo amadandaula kuti sakumva, wa pamikisa amakweza, akutsogolo makutu amagontha. Kulira kwa tswii kuja kumabwera maikolofoni ikamva mawu otuluka mu sipika n'kuwabwezanso momwemo, choncho oimba aime kumbuyo kwa masipika, maikolofoni ikhale pafupi ndi pakamwa ngati zala ziwiri kapena zitatu, ndipo asamaifumbatire kumutu kwake. Poyesa zida yambani ndi mawu a woyambitsa, kenako kwaya, zida pomalizira. Ambiri amayamba ndi ng'oma ndi bezi, ndiye china chilichonse chimafunika kukwezedwa kuti chipikisane nazo.

Mkulu_wa_mpingo

Za nyimbo zanenedwa bwino. Koma funso lanu, a Mlembi, lili ndi mbali ina imene kiyi singakonze: anthu kubalalika mapemphero akangotha, ndi alendo osabwereranso. Munthu sachedwa pamalo pamene palibe womudziwa dzina. Ndipo anthu 150 sangadziwane pa Lamulungu, chifukwa kwa maola awiri aliyense amaona nkhongo ya amene ali kutsogolo kwake.

Agaweni m'miphakati ya anthu 8 mpaka 12. Akachepera apo, awiri akajomba msonkhano wafa. Akapitirira 15, olankhula amakhala atatu omwewo, ena amabwerera ku kuonerera komwe mukudandaulako. Gawani potengera kufupikana kwa nyumba, osati ubwenzi kapena mapezedwe, kuti munthu azitha kupita wapansi n'kubwerera kusanade. John Wesley, woyambitsa mpingo wa Methodist, anayamba magulu otere ku Bristol mu 1742, anthu pafupifupi 12 pa gulu. Poyamba cholinga chinali chosonkhetsa ndalama zobwezera ngongole ya nyumba yopemphereramo, koma atsogoleri poyendera anthu awo sabata ndi sabata anayamba kudziwa amene akudwala, amene akukangana, amene wafooka, ndipo ntchito yeniyeni ya magulu aja inasanduka imeneyo.

Msonkhano usapitirire ola limodzi ndi theka. Nyimbo ziwiri, kuwerenga ndime yomwe inalalikidwa Lamulungu, mafunso awiri kapena atatu oti onse ayankhe, kenako aliyense anene mmene sabata yamuyendera, n'kupemphererana. Mtsogoleri asalalikire. Akalankhula kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawi yonse, gulu lasanduka katchalitchi kakang'ono, ndipo anthu adzayamba kujomba. Nyumba zizisinthana, koma wolandira gulu asakakamizidwe kukonza chakudya, apo ayi osauka amayamba kupereka zifukwa sabata yawo ikayandikira, kenako amasowa.

Za alendo. Kuwaimiritsa kuti adzitchule pamaso pa anthu onse ena kumawasangalatsa, koma ambiri kumawachititsa manyazi, ndipo kuwombera m'manja kuja sikumpatsa munthu mnzake wocheza naye. Pakhomo pakhale olandira alendo awiri kuyambira mphindi 20 mapemphero asanayambe mpaka mphindi 20 atayamba, chifukwa mlendo nthawi zambiri amafika mochedwa dala. Wina amuperekeze, amukhazike pafupi ndi munthu wa mphakati wa kudera kwake amene angamutsegulire buku la nyimbo. Musasiyanitse pokhazika potengera zovala; Yakobo 2:2-4 ananena kale za zimenezo. Dzina lake ndi nambala zilembedwe ngati iye walola, ndipo wina amuimbire pasanathe masiku atatu. Woimbayo akhale amene anakhala naye pa benchi, osati abusa.

Chimodzimodzi ojomba. Mtsogoleri wa mphakati akaona kuti munthu sanaoneke masabata awiri otsatizana, apite kukamuona, funso likhale lakuti muli bwanji, osati munali kuti. Justin Martyr, Mkhristu wakale wolemba mabuku, pofotokoza mapemphero a Lamulungu cha m'ma 155 AD, analemba kuti madikoni ankatengera mkate ndi vinyo kwa amene sanabwere, ndipo chopereka chinkathandiza ana amasiye, akazi amasiye, odwala, a m'ndende ndi alendo. Wojomba ankawerengedwabe kuti ndi wa pa gome lomwelo.

Mayi_wa_Sande_sukulu

Abambo, zonsezo n'zoona, koma ndichenjezeko. Chimwemwe sichilamulidwa. Wotsogolera akamakuwa kuti sindikukumvani, fuulaninso, amene sakuvina ali ndi vuto, anthu amafuula pomvera lamulo, mumtima akuwerenga mphindi. Pa benchi iliyonse pali wina amene waika maliro posachedwa, wina ntchito yatha, wina banja likugwedezeka. Aroma 12:15 akuti tikondwere ndi okondwera, tilire ndi olira, zonse ziwiri. Mwa Masalimo 150 aja, ambiri ndi odandaula, ndipo Salimo 88 limatha popanda mawu a chitonthozo. Ikani nyimbo imodzi yodekha, ndi mphindi imodzi yathunthu ya chete ulaliki ukatha, kiyibodi osalira pansipansi. Wolira akapeza malo ake, sabata ina adzavina yekha popanda womukankha.

China chimene chimapha mapemphero ndi zolengeza. Zisapitirire mphindi 5, wolengeza akhale mmodzi, zofika mlembi atakwera kale kutsogolo zidikire sabata yamawa. Za makomiti zipite pa bolodi kapena pa gulu la WhatsApp. Mapemphero aziyamba pa nthawi yake ngakhale anthu ali 10, ndipo azitha pa nthawi imene munalonjeza. Anthu amathamangira kunyumba chifukwa mwawadyera kale nthawi imene akanachezera panja, ana ali ndi njala.

Anawo apatseni ntchito yeniyeni, osati ndakatulo ya pa Khrisimasi yokha: kuwerenga Salimo, kunyamula mbale ya chopereka limodzi ndi wamkulu, kugawa mabuku pakhomo. Wowerenga alandire ndime yake pofika Lachinayi kuti ayeserere mayina ovuta.

Mlembi_wa_komiti

Zikomo nonse. Funso limodzi kwa akulu a mpingo: ena akuopa kuti miphakati idzasanduka mabwalo a miseche, kapena mtsogoleri adzayamba kudziona ngati m'busa. Zimenezi zimapewedwa bwanji?

Mkulu_wa_mpingo

Manthawo ndi oyenera, ndipo zonse ziwiri zimachitikadi pamene malamulo sananenedwe tsiku loyamba.

Miseche imalowera pa zopempherera. Wina amati tiyeni tipempherere banja la auje, n'kuyamba kufotokoza zonse. Lamulo likhale lakuti munthu anene za iye mwini. Za wina amene palibe, pokhapokha mwini wake atalola, ndipo dzina ndi mawu amodzi zakwana, monga matenda kapena ulendo. Zonenedwa m'gulu zitsale momwemo, kupatula ngati mwana akuzunzidwa kapena moyo wa munthu uli pa ngozi. Zimenezo zipite kwa abusa ndi kwa aboma oyenera tsiku lomwelo, ndipo anthu adziwiretu kuti zidzatero. Awiri akasemphana, tsatani ndondomeko ya pa Mateyu 18:15-17: ayambe akambirana awiriwiri, zikakanika aitane mmodzi kapena awiri, mpingo pomalizira. Mtsogoleri asalandire dandaulo la munthu amene sanayambe wapita kwa mnzakeyo.

Za utsogoleri, gulu lililonse likhale ndi awiri, mtsogoleri ndi womuthandiza, kwa zaka ziwiri, kenako wothandiza atenge malo. Atsogoleri onse azikumana ndi abusa kamodzi pa mwezi, n'kulandira mafunso a mwezi wonse kuchokera kumeneko, kuti pasakhale woyambitsa chiphunzitso chakechake. Gulu likafika anthu 15 ligawidwe, wothandiza atenge theka. Anthu amakana kugawidwa chifukwa azolowerana, choncho auzeni pachiyambi pomwe kuti tsikulo lidzafika.

Ndalama ndiye samalani kwambiri. Ngati gulu likusonkherana zothandizira odwala, owerenga akhale awiri osachokera nyumba imodzi, zilembedwe m'buku, ndipo lipoti liwerengedwe miyezi itatu iliyonse. Paulo yemwe sananyamule yekha chopereka cha ku Yerusalemu. Pa 2 Akorinto 8:18-21 akunena za m'bale wosankhidwa ndi mipingo kuti ayende nawo, pofuna kuti pasapezeke wowanena. Kubwereketsana ndalama za gulu kukanizeni kuyambira tsiku loyamba, chifukwa wangongole amayamba wasiya mphakati, kenako tchalitchi.

Musatsegule magulu 12 nthawi imodzi. Yambani ndi awiri kapena atatu kwa miyezi itatu, muikemo dala anthu amene mukuwaona kuti angadzatsogolere, ndipo atsogoleri a magulu otsatira achokere mmenemo.