Kabati ya chipboard ndingaipente bwanji kuti ioneke ngati mlombwa?

Nachisale, Rosettenville:
Abale ndithandizeni. Mabwana anga ku Bryanston kuno ku Joni andipatsa kabati yakukhitchini ya chipboard (thabwa la tizidutswa ta mitengo tomatidwa pamodzi), yoyera yoterera pamwamba ija. Ndi yolimba ndithu, koma mtima wanga uli pa kabati ya mlombwa yomwe malemu bambo anga anali nayo kwathu ku Dedza, yofiirira, mizere yake yokhotakhota. Loweruka ndinapaka penti wabulauni pachitseko chimodzi, koma atauma akusupuka ndikangokanda ndi chikhadabo. Ndalakwitsa pati?

Kalipentala wa ku Turffontein:
Achemwali, choterera chimenecho ndi melamine, penti sagwirapo. Palani yemwe mwapakayo, tsukani ndi sugar soap, sopo wotsukira malo musanapente, kuti mafuta akukhitchini achoke, kwechani ndi sandipepa ya 180 mpaka kunyezimira kuthe, kenaka pakani primer (penti woyamba wothandiza kuti winayo agwire) yolembedwa kuti ndi ya melamine. Penti wapansi, wopaka pamwamba pa primer, akhale wachikasu chotuwira, osati wabulauni. Maonekedwe a thabwa amabwera ndi scumble glaze, chopaka choonekera mkati chomwe chimachedwa kuuma, yomwe mupake pamwamba, mutathiramo pang'ono utoto wofiirira wa burnt sienna ndi wabulauni wa burnt umber. Isanaume, tengani rocker, kachida ka labala ka mizeremizere, mukoke kuchokera kumwamba mpaka pansi osaima, uku mukukapendeketsa pang'onopang'ono. Pomwe mwapendeketsapo mpomwe pamatuluka diso la thabwa. Musachulukitse maso, limodzi kapena awiri pachitseko basi. Akachuluka aliyense amadziwa kuti ndi penti.

NaBanda, Yeoville:
Mlombwa kuno amautcha kiaat. Kalowenitu mushopu ya mipando mukauyang'anitsitse, muona kuti m'mphepete mwa thabwa mumakhala motuwa, kufiira kuli pakati. Ine rocker sindinagule. Ndinadula mano osafanana kukula pa patapata wakale n'kumapesa nawo, tebulo langa mpaka lero alendo amalisisita. Koma chenjerani ndi nyengo ino ya June, mpweya wa Joni ndi wouma kwambiri ndipo glaze yamadzi imauma muli pakati pa ntchito. Chotsani zitseko, muzigoneke pansi, muzipanga chimodzichimodzi.

Nachisale:
Zikomo achimwene ndi achemwali. Ndayesera pakatoni, diso loyamba latuluka ndithu, ndangokhala n'kumaliyang'ana. Nanga vanishi?

Kalipentala wa ku Turffontein:
Glaze igone usiku wonse, ngati ndi yamafuta dikirani masiku awiri. Vanishi mupake kawiri, yosanyezimira kwambiri, ndipo musaiwale m'mbali mwa zitseko, chipboard ikamwa madzi imafufuma.