Kodi kuganiza kwambiri kungadwalitsedi thupi?

Mayi wa ku Bembeke:
Ndikupempha nzeru kwa odziwa za umoyo. Amuna anga anatenga ngongole ya feteleza kuti alime mbatata ya kachewere, koma chiwawu chinawononga mbali yaikulu ya munda, ndipo zimene tinakolola sizinabweze ngongoleyo. Chiyambire pamenepo chimfine sichiwasiya, thupi limawaphwanya, sagona, ndipo foni ikangolira mtima umawagunda kwambiri. Kuchipatala anawayeza malungo koma sanawapeze nawo, ndipo anauzidwa kuti akuganiza kwambiri. Iwo anakhumudwa poona ngati akunenedwa kuti akunamizira kudwala. Kodi maganizo angalowe bwanji m'thupi motere?

Mphunzitsi wa sayansi, Ntcheu:
Amayi, bambowo sakunamizira. Munthu akapanikizika, ubongo umatumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, timene timatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Adrenaline ndi amene amagunditsa mtima, pamene imodzi mwa ntchito za cortisol ndi kuletsa asilikali a m'thupi kuti asapyole muyeso polimbana ndi matenda. Zimenezi zimayenda bwino vuto likakhala la kanthawi. Koma ngongole sitha tsiku limodzi, ndipo cortisol akamatuluka kwa miyezi yambiri asilikali aja amasiya kumumvera, monga momwe anthu okhala m'mbali mwa msewu wa M1 pa Lizulu amazolowerera phokoso la magalimoto. Zikatero asilikaliwo amatulutsa mopitirira timankhwala totchedwa ma cytokine, monga IL-6 ndi TNF, timene timayambitsa kutupa kwa m'kati kosaoneka ndi maso.

Timankhwala timeneti ndi tomwe timachititsa wodwala malungo kufooka, kukana nsima ndi kufuna kungobindikira yekha, choncho munthu angathe kumva ngati ali ndi malungo pamene tizilombo take mulibe m'magazi. Uthenga wa kutupaku umafika ku ubongo kudzera m'magazi komanso mu mtsempha wa vagus, umene umalumikiza ubongo ndi ziwalo za m'chifuwa ndi m'mimba, ndipo kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala, kamene kamatchera khutu ku zoopsa, kamayamba kudzidzimuka ndi tinthu ting'onoting'ono. Mantha akachuluka tulo timathawa, ndipo kusagona kumawonjezeranso kutupa komweko.

Za chimfinecho zinayesedwapo. M'chaka cha 1991 katswiri wa za maganizo Sheldon Cohen ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku yemwe anachitikira ku Britain, momwe anthu athanzi anadonthezeredwa tizilombo ta chimfine m'mphuno, ndipo amene anali opanikizika kwambiri ndi amene anadwala mochuluka. Koma umboni umene ine ndimauona wamphamvu ndi wa odwala chiwindi cha hepatitis C amene ankabayidwa interferon, mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi. Ena mwa iwo ankagwidwa ndi nkhawa komanso kukhumudwa patapita masabata angapo akulandira mankhwalawo.

Namwino wopuma, Lobi:
Aphunzitsi afotokoza bwino, koma ndikuopa kuti wina akamva za kutupa athamangira ku golosale kukagula Brufen. Musatero, amayi, chifukwa mankhwalawa akamwedwa nthawi yaitali amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuvulaza impso, ndipo sachiza nkhawa. Komanso si aliyense wodwala nkhawa amene amapezeka ndi kutupaku, ndi ena okha.

Kusapezeka ndi malungo sikutanthauza kuti zonse zayezedwa. Kuchepa kwa magazi ndi vuto la chithokomiro zimagunditsanso mtima, choncho pitani nawo ku chipatala cha boma cha Dedza mukapemphe kuti awayeze zimenezi pamodzi ndi shuga, BP ndi HIV, komanso TB ngati akutsokomola nthawi yaitali kapena kutuluka thukuta usiku. Mukafunsenso za ogwira ntchito yothandiza pa matenda a maganizo. Kulankhula ndi munthu wophunzitsidwa kumathandizadi. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, momwe agogo aakazi amaphunzitsidwa kumvetsera ndi kuthandiza munthu kumasula mavuto ake limodzilimodzi, ndipo odwala ambiri anapepukidwa. Asamwe kachasu pofuna tulo, chifukwa mowa ukatha m'thupi nkhawa imabwerera mwamphamvu. Akadzangotchula zodzipha, muwatengere kuchipatala tsiku lomwelo.

Mlimi wa ku Tsangano:
Zonsezi ndazimva, koma ngati cortisol akutuluka chifukwa cha ngongole, ndiye kuti ngongoleyo ikufunikanso kuyang'anidwa. Mlamu, musadikire kuti eni ndalama aziimba foni. Pitani nokha muli awiri, mutengenso wachibale wamkulu kapena anyakwawa, mukagwirizane zobweza pang'onopang'ono ndipo mgwirizanowo ulembedwe.

Mayi wa ku Bembeke:
Zikomo nonse. Lolemba tipita ku Dedza kukayezetsa. Za ngongole ndiyamba ndawauza amalume awo, chifukwa kwa ine amakana kuzikamba.