Tsiku la sitima alovi akundithawa, nditani?

Wa ku Chizumulu: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ilala ikangoponya nangula kuno alovi anga, anyamata ondigwirira ntchito yosodza, amathamangira ganyu yonyamula anthu ndi katundu, poti sitimayo imaima patali ndiye pamafunika maboti, azungu odzaona malo aja akangowapatsa kenakake pamanja basi mnyamata waiwala zoti usiku kuli kauni, usodzi wokopa usipa ndi nyali. Sabata yatha mdima unali bwino, nyanja ili phee, petulo ndagula kale, koma anabwera atatu okha nawonso ali lefu. Anthu atatu angakoke chilimira, ukonde waukulu uja? Chinagona pamchenga, mtima ukundiwawa mpaka pano.

Wa ku Likoma: Pepani achimwene, koma musalimbane nayo sitima, yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951 ndipo imatipeza kawiri pa sabata, popita ku Chilumba ndi pobwerera ku Monkey Bay. Anawo musawadane, ganyu ija ndalama yake ndi ya pompopompo pomwe ya usipa amadikira mugulitse kaye. Ine boti langa lomwe ndimalilowetsa pa ganyuyo, timachotsa ya petulo, yotsala timagawana ngati mmene timagawanira ya nsomba. Palibe amene amathawa chifukwa akudyera pakhomo pomwe.

Mayi wogula usipa, Nkhata Bay: Bambo a ku Chizumulu, ife timadalira sitima yomweyo kuti matumba anu atipeze. Kokani mwamphamvu masiku awiri atatu isanafike, usipa uume bwinobwino pathandala, tsiku la sitima likhale lopakira basi. Komanso chonde kutirani matumba ndi pulasitiki mu boti, mwezi watha atatu anandifika atanyowa pansi, nditatsegula fungo lokhalokha, ndinagulitsa motaya kwa oweta nkhuku.

Wa ku Usisya: Zoona amayi. Koma nyengo ya mwera, Juni Julaye uko, boti losodzera musalidzadzitse anthu chifukwa cha ndalama, mafunde pambali pa sitima amamenya moipa ndipo ana ndi azimayi amakwera movutika. Ma life jacket akhalemo.

Wa ku Chizumulu: Nanga siginala, uja amatsogolera usodzi ndi nyali zokopa usipa? Iyeyo akapanda kugona masana nyali sangaziyang'anire usiku wonse.

Wa ku Likoma: Ameneyo asapite ku sitima, azigona, koma gawo lake la ganyu mumupatse ndithu.

Wa ku Chizumulu: Chabwino, ndiwaitanitsa mawa mmawa tikambirane, za mwerazo ndikazitulanso ku BVC, komiti yoyang'anira za usodzi pagombe pathu, kuti tonse tigwirizane chiwerengero cha anthu pa boti.