Tabwerako ku ulendo wa pa sitima ndi amayi odwala shuga

Mwezi watha ndinafunsa ngati amayi anga, omwe amadzibaya insulin kawiri pa tsiku, angathe kukwera sitima yapanyanja yochokera ku Durban kupita kugombe la Mozambique. Zikomo nonse amene munandiyankha. Tafika ku Chipata Lachiwiri, amayi ali bwinobwino.

Chimene chinkandisowetsa tulo ndi firiji. Kafiriji ka m'chipinda kamangoziziritsa zakumwa, pomwe insulin yosatsegula imafuna madigiri 2 mpaka 8. Tinalemba fomu ya zaumoyo kudakali milungu ingapo, ndiye yosatsegulayo anatisungira kuchipatala cha m'sitima momwemo. Peni ya insulin (jakisoni wooneka ngati cholembera) yomwe amayi ankabayira inkakhala m'chikwama chawo, chifukwa yotsegula imatha kukhala masiku pafupifupi 28 ikapanda kutenthedwa. Anatipatsanso kachitini kotayiramo masingano, ndinakaika pambali pa sinki.

Chipinda tinasankha chapakati pa sitima, cham'munsi, pafupi ndi lifiti. Kumeneko sikugwedezeka kwambiri, ndipo kwa wodwala shuga zimenezi n'zofunika ndithu: akayamba kusanza, osadya, koma atabaya kale, shuga amatsika moopsa.

Inshuwalansi musaiwale, dokotala wa m'sitima amalipiritsa. M'basi popita ku Lusaka, pa ulendo wathu wa ku Durban, mankhwala ndinawanyamula pamiyendo m'kachikwama ka ayisi, nditawakulunga m'kansalu kuti asaundane.