Netiweki ikudukaduka pa Debian 12: timange sisitimu yonse ndi khodi yakale?

WaMaseva:
Akuluakulu, seva yasamutsidwa kuchoka pa Debian 11 kupita pa 12. Mafayilo akuluakulu akamadutsa, khadi ya netiweki imangofa mpaka uyizimitse n'kuyatsanso. Pa 11 zimenezi kunalibe. Maganizo alipo ndi omanganso sisitimu yonse ndi source code ya 11. Mukuti bwanji?

Chingwe:
Yonse ayi, achimwene. Mukabweza glibc (laibulale yomwe pafupifupi mapulogalamu onse amadalira) m'mbuyo, mapulogalamu omangidwira 12 adzakana kuyamba, ngakhale apt yomwe, yoikira mapulogalamu, ndiye mudzakonza ndi chiyani? Dalaivala wa khadiyo amakhala mu kernel, phata la sisitimu. Debian 11 ili ndi kernel 5.10, pomwe 12 ili ndi 6.1. Ikani phukusi la linux-image la 11 pambali pa latsopanolo, mulisankhe pa GRUB, menyu yoyatsira makina. Vuto likatha, wolakwa mwamudziwa musanamange kanthu.

WaMaseva:
Zatheka, pa 5.10 sikuduka. Ndingokhala pomwepa?

Kachipangizo:
Kwa masiku ochepa, inde, koma pezani pomwe zinathyokera. Tengani khodi ya Linux ndi git, muyambe mwamanga v5.10 ndi v6.1 kuti mutsimikize kuti yoyamba ili bwino, yachiwiri ikuduka. Kenako:
git bisect start v6.1 v5.10
Kernel iliyonse yomwe git yakupatsani muimange, muiyese, mulembe git bisect good ikakhala bwino kapena git bisect bad ikaduka. Pakati pa ziwirizi pali ma commit (zosintha pa khodi) oposa 100,000, koma poti git imadula pakati nthawi iliyonse, mudzamanga ka 17 kapena 18 basi.

Koperani /boot/config-$(uname -r) kukhala .config, kenako make olddefconfig. Musaiwale make localmodconfig, imasiya ma module omwe makinawo akugwiritsa ntchito okha, kumanga kumafulumira kwambiri. Koma zipangizo zonse zikhale zolumikizidwa panthawiyo. Chomwe sichikuoneka pa lsmod chimatayidwa. Pomaliza make -j$(nproc) bindeb-pkg, muike ndi dpkg -i.

Chingwe:
Misampha itatu. Ngati CONFIG_SYSTEM_TRUSTED_KEYS ikuloza fayilo ya mu debian/certs, fufutani zomwe zili m'kati, fayiloyo mu khodi ya git mulibe. Wachiwiri ndi pulogalamu ya pahole 1.24 ya pa 12, yomwe imagwetsa kernel zakale pomanga BTF. Zimitsani CONFIG_DEBUG_INFO_BTF. Komanso Secure Boot ikakhala yoyaka, kernel yanu yosasainidwa siyamba.

Kachipangizo:
Chomwe chimasokoneza ambiri ndi kufulumira kulemba git bisect good. Ngati khadi imafa pakatha mphindi 20, yesani ndi iperf3, yopanikizira netiweki, kwa ola lathunthu. Mukanamiza git kamodzi, idzakulozerani commit yosalakwa. Commit yokana kumangika, git bisect skip. Mukaipeza yolakwayo, chitani git revert pa 6.1, muyesenso, ndipo nambala yake muitumize kwa osamalira dalaivalayo pamodzi ndi mauthenga a kernel otuluka pa dmesg.