Kodi kukonzeratu zakudya za sabata yonse kungathandize banja ngati langa?

Make Tadala, Luchenza:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimagulitsa kaunjika m'misika yozungulira kuno, pamene amuna anga ndi kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Tonse awiri timachoka pakhomo kusanache, ndipo kawirikawiri ine ndimabwerera dzuwa litalowa kale. Chimene chikundisautsa n'chakuti ndikatsika minibasi m'pamene ndimayamba kuganiza za ndiwo. Ndimaima m'mbali mwa msewu n'kugula mulu umodzi wa tomato, kamulu ka usipa, mafuta ophikira ongokwanira tsiku limenelo ndi kajumbo ka makala, ndipo ufa ukatithera mwadzidzidzi ndimagulanso tiphukusi tija amati wokumani. Pamene nsima ikupsa, mwana wamng'ono amakhala atagona kale pamphasa, ndipo ndikamudzutsa amangodya pang'ono akuwodzera. Zimenezi zimandipweteka mumtima, chifukwa ntchito yonse imene ndikugwirayi ndikuigwirira anawo.

Mnzanga wina wa ku banki m'khonde anandiuza kuti iye amalemberatu zakudya za sabata yonse, ndipo akuti zinamuchepetsera mavuto. Ndikufuna kuyesa, koma ndili ndi chikayiko. Ife tilibe firiji, ndalama zanga zimabwera pang'onopang'ono malinga ndi mmene msika wayendera, ndiponso pakhomo pathu sipatha sabata ziwiri popanda mlendo wochokera kumudzi. Kodi alipo amene anayesa zimenezi ali m'moyo wofanana ndi wangawu? Nanga munayambira pati?

Mphunzitsi wa ku Chitakale, Mulanje:

Make Tadala, zimene mwafotokozazi ndinadutsamo ine ndemwe, ndipo ndakhala ndikukonzeratu zakudya kwa zaka zingapo tsopano. Poyamba ndinalakwitsa chifukwa ndinayambira pa kulemba ndiwo zimene ndinkazilakalaka, monga nkhuku Lolemba ndi nsomba Lachiwiri, ndipo pofika Lachitatu pepalalo linali lopanda ntchito. Pambuyo pake ndinazindikira kuti poyambira penipeni ndi pa zinthu zitatu zimene zikasowa m'nyumba simuphikidwa chilichonse, zomwe ndi ufa, moto ndi nthawi ya wophikayo.

Kwa mwezi umodzi ndinkalemba tsiku limene ndagayitsa ndi tsiku limene ufa watha, chimodzimodzinso makala ndi mafuta. M'banja mwathu muli anthu asanu ndi mmodzi, ndipo ndinapeza kuti thumba la chimanga la makilogalamu 50 limatifikitsa pafupifupi mwezi tikamagayitsa mgaiwa, koma limatha msanga tikakonola kuti tipeze ufa woyera, popeza gawo lina limapita ku madeya. Nditadziwa zimenezi ndinasiya kudzidzimuka. Ndimadziwiratu Loweruka limene mwana apite kuchigayo, ndipo wokumani sanalowenso m'nyumba mwanga. Mukawerengera bwino, ufa wa m'tiphukusi ndi mafuta ogula tsiku ndi tsiku ndi zimene zimadya ndalama zambiri mosaonekera, makamaka kuchokera pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo mitengo ya zinthu inakwera kwambiri.

Kenaka ndiwo ndimazigawa pawiri. Zilipo zokhalitsa, monga nyemba, nandolo, khobwe, usipa wouma, matemba, nyama ya soya, mazira, nsinjiro ndi mfutso, ndipo zimenezi ndimagula kamodzi ndalama zikapezeka. Zilipo zina zosachedwa kuwonongeka, monga mpiru, nkhwani, bonongwe, tomato wakupsa ndi nyama, zimene ndimagula kawiri pa sabata n'kuzidya mwamsanga. Tomato ndimasankha wosakaniza, wina wakupsa ndi wina wongoyamba kufiira, kuti azipsa motsatizana m'lichero. Mukaona ndiwo za gulu loyambalo, palibe imene ikufuna firiji, ndipo zambiri mwa izo makolo athu anazisunga zaka zonsezi popanda magetsi.

Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ndimakhala pansi ndi ana anga, n'kuyang'ana masiku amene ndidzachedwe kusukulu. Pa masiku amenewo ndimaikapo ndiwo zofulumira, monga mazira, soya kapena usipa, ndipo nyemba ndimaziika pa tsiku limene ndili ndi mpata. Nyembazo ndimaziviika m'madzi usiku wonse, chifukwa zikatero zimapsa msanga ndipo makala sawonongeka ambiri. Pepala la ndandandayo timalimata pakhoma pafupi ndi pamene timaika ziwiya.

Phindu limene ndimaliona lalikulu kuposa la ndalama ndi lakuti ntchito ya kukhitchini inasiya kukhala m'mutu mwa munthu mmodzi. Kale ana ankandidikira chifukwa sankadziwa choti aphike, ndipo ankaopa kukhudza ndiwo zimene mwina ndinazisungira tsiku lina. Tsopano mwana wanga wamwamuna wa Fomu 2 akaweruka amawerenga pakhomapo, amasonkha moto, amasadzula masamba, ndipo ine ndikafika ndimangotereka mphika wa nsima. Ngakhale bambo a m'nyumba akayamba kufika ndi iwo, amadziwa chochita. Ngati mwana wanu wamkulu wafika msinkhu woti angagwire mbaula mosamala, wamng'onoyo angathe kumadya asanagone.

Bambo a Yamikani, Bvumbwe:

Aphunzitsi, malangizo anu ndi abwino ndipo ndawawerenga mwachidwi, koma ndiloleni ndinene mbali ina. Inu mumalandira malipiro pakutha pa mwezi, kotero mungathe kugula thumba la chimanga ndi botolo lalikulu la mafuta nthawi imodzi. Ine ndimayendetsa njinga yamoto ya kabaza, ndipo mayi a kunyumba amagulitsa masamba pamsika wa Bvumbwe. Ndalama imene tapeza lero ndi imene tidye lero, ndipo tsiku limene kwagwa chiperoni anthu sayenda, ine ndimabwerera ndi zochepa kwambiri nditachotsapo za mafuta a njinga ndi za mwini wake. Munthu wotere mukamuuza kuti agule zinthu za mwezi wonse, amamva ngati malangizowo si ake.

Chinanso ndi nkhani ya alendo imene Make Tadala aitchula. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Mlamu akabwera kudzadwazika matenda n'kugona kwanu masiku anayi, kapena pamudzi pakagwa maliro n'kufunika kuti nyumba iliyonse ipereke ufa, ndandanda yanuyo imathera pomwepo. Chimene ndimaopa kwambiri n'chakuti pepalalo lingatiumitse mtima, mpaka tiyambe kuona mbale wathu ngati munthu wodzasokoneza dongosolo. Kwathu kuno mlendo sawerengeredwa nsima, ndipo sindikufuna kuti ana anga akule akuona mayi awo akuyang'ana pakhoma asanapatse munthu chakudya.

Komabe sindikukana zonse. Chimodzi chimene ife timachita, ndipo chimatipulumutsa, ndi kugula chimanga pang'onopang'ono m'miyezi ya May ndi June pamene anthu angokolola ndipo mtengo uli wotsika, n'kuchithira mankhwala a anankafumbwe. Pofika January ndi February, pamene mtengo umakwera ndipo anthu akuvutika, ife timakhala tikudera nkhawa ndiwo zokha. Ngati kumeneko n'kukonzeratu, ndiye kuti nafenso timachita.

Mphunzitsi wa ku Chitakale, Mulanje:

Bambo a Yamikani, mwanena zoona pa nkhani ya malipiro, ndipo sindikanayenera kulankhula ngati aliyense amalandira ndalama mofanana. Koma zimene mumachita ndi chimanga m'miyezi yokolola zingachitikenso pa sabata. Tsiku limene kabaza wayenda bwino, m'malo mogula ndiwo za tsiku limenelo zokha, mungaonjezere kapu ziwiri za nyemba kapena paketi ya soya, kuti tsiku la chiperoni likupezeni muli ndi poyambira. Za alendo, ine ndimasiya madzulo awiri pa sabata osalembapo kanthu, ndipo ndimasunga mbale ya ufa ndi nandolo wouma zimene sitikhudza pokhapokha pabwere munthu kapena pagwe zovuta pamudzi. Ndaona kuti chiyambire kutero ndimalandira alendo ndi nkhope yomasuka kuposa kale, chifukwa sindithamangiranso kwa oyandikana nawo kukabwereka ufa mlendo ali pakhonde.

Agogo a Chikondi, Limbuli:

Ana anga, ine ndine wachikulire ndipo uthengawu akundilembera ndi mdzukulu wanga, koma nkhaniyi yandikhudza chifukwa kwa zaka zambiri ndinkathandiza amayi a m'mudzi mwathu pa nkhani ya kadyedwe ka ana. Ndikufuna kuonjezera chinthu chimene sichinatchulidwe. Mayi amene amagula ndiwo ali wotopa, mdima ukugwa, amangotola zimene zili pafupi, ndipo mwezi ukhoza kutha banja likudya nsima ya usipa kapena ya soya basi. Mimba zimakhuta ndithu, koma mwana sakula bwino. A zaumoyo amatiphunzitsa kusikelo za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, omwe ndi zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Ndi pamene mwalemba zakudya za sabata yonse pamalo amodzi pamene mumaona ndi maso anu kuti chipatso sichinaoneke ngakhale tsiku limodzi, kapena kuti masamba munadya Lamulungu lokha.

Ife a Mulanje ndi Thyolo tili ndi mwayi umene ena alibe, ndipo ndandanda yanu iyenera kutsatira nyengo. Mvula ikayamba kuli mango, ndipo chisoso, bonongwe ndi nkhwani zimapezeka paliponse, kenaka kumabwera mapeyala amene amalowa m'malo mwa majarini pa kadzutsa. Nyengo yozizira kumabwera mbatata ndi nandolo wamuwisi, ndipo zinanazi za kuno ku Mulanje n'zodziwika dziko lonse. Nthochi zinachepa chifukwa cha matenda a chisaka amene anawononga minda yambiri ku Thyolo, koma zikapezeka musazidutse. Chinangwa chimatipatsa zinthu ziwiri, chigwada cha ndiwo ndi makaka amene timasunga kuti tidzaphike pamodzi ndi nandolo, ndipo chakudya chimenechi chimagwira mimba kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Chinthu chikachuluka pamsika mtengo wake umatsika, choncho amene amadya motsatira nyengo amawononga ndalama zochepa. Nthawi imeneyonso ndi yofutsa masamba. Khwanya ndi nkhwani zimene mungafutse mu March zidzakuthandizani mu October pamene dzuwa lawotcha madimba. Namondwe wa Freddy atatigwera mu March 2023, misewu ndi milatho zitaduka, ndinaona ndekha kuti m'nyumba zimene zinatsala chilili, amene anali ndi makaka, nyemba ndi mfutso ndi amene anatha kudyetsa ana awo komanso anansi amene anathawira kwa iwo.

Koma pali zinthu ziwiri zimene ndikukuchenjezani. Choyamba ndi ndiwo zophikiratu. Popanda firiji, nyemba zimene mwaphika madzulo muzibwatitsenso m'mawa mpaka ziwire ndithu, muzivundikire, ndipo zithe tsiku lomwelo. M'miyezi yotentha ya October ndi November zimasasa msanga kwambiri, ndipo ndiwo zotendera ndi zimene zimayamba kuwonongeka, kotero zimenezo muziphika zongokwanira chakudya chimodzi. Mkute wa mwana nawonso uzitenthetsedwa bwino. Tonse tikukumbukira kolera amene anavuta m'dziko muno mu 2022 ndi 2023, ndipo chakudya chozizira chosavundikira ndi njira imodzi imene matenda otsegula m'mimba amalowera m'nyumba. Chachiwiri ndi chuku. Kuno kumakhala chinyezi, makamaka nthawi ya chiperoni, ndipo mtedza kapena chimanga chosauma bwino chimachita chuku chimene chili ndi poizoni wowononga chiwindi ndi kulepheretsa ana kukula. Poizoni ameneyu satha ndi kuphika. Mukagula zambiri nthawi imodzi, muziyanike, musankhe ndi kutaya zowola, ndipo matumba musawaike pansi penipeni kapena kuwatsamiritsa kukhoma. Nsinjiro musinje zongokwanira sabata imodzi.

Kalongonda, mtundu wa nyemba umene ife Alhomwe timaukonda, musamuike pa tsiku la ntchito, mwana wanga. Amafuna kuphikidwa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo, ndipo wophikidwa mothamanga amadwalitsa. Ameneyo ndi wa tsiku limene muli pakhomo kuyambira m'mawa.

Make Tadala, Luchenza:

Zikomo kwambiri aphunzitsi, Bambo a Yamikani ndi inu agogo. Ndalama zanga zimabwera ngati mmene zimabwerera za Bambo a Yamikani, choncho sindiyamba ndi kugula za mwezi wonse. Dzulo ndinagayitsa ndowa imodzi ya chimanga ndipo ndalemba tsikulo kuseri kwa buku langa la kaunjika, kuti ndione kuti ufawo utifikitsa pati. Ndakambirananso ndi amuna anga, ndipo avomera kuti pa malipiro awo tizigula mafuta, mchere, shuga ndi thumba la makala, pamene ine ndizigula nyemba ndi usipa pa tsiku limene msika wayenda bwino. Tadala ali ndi zaka 13 ndipo amadziwa kale kuphika ndiwo, koma ali mu Sitandade 8 ndipo sindikufuna kuti kukhitchini kumudyere nthawi yowerengera mayeso, choncho ndamupatsa masiku awiri okha amene ndimapita kumsika wakutali, ndipo pa masiku amenewo ndalembapo mazira ndi soya.

Agogo, ndili ndi funso limodzi lotsala. Ine ndinakulira m'tauni ndipo sindinafutsepo masamba. Kodi khwanya amayamba wawiritsidwa kaye asanayanikidwe, ndipo m'nyumba ya lendi ngati yangayi, momwe mulibe tsindwi la udzu lopachikamo chikwatu, ndingamusunge m'chiyani kuti asachite chuku?