Pa tsiku kapena pa buloko?

Wa ku Dedza: Akuluakulu, ndapeza ganyu ku Chalala kuno ku Lusaka, yomanga mpanda wa mabuloko a 6 inchi. Bwana akuti ndisankhe, kulipidwa pa tsiku kapena pa buloko. Nditani?

Mnyamata wa Kalingalinga: Pa buloko achimwene, osachedwa. Za pa tsiku n'za madala, amene amayeza buloko limodzi katatu kwinaku akusimba za nthawi ya Kaunda.

Madala a ku Chawama: Iwe mwana, makoma amene tinamanga nthawi imeneyo ukuwaona, akadali chilili. Inu mumathamanga, matope ochepa m'mizere, levulo yoonera ngati khoma lawongoka ili m'chikwama. Mvula ya Januwale ikangobwera mpanda wapendekeka, mwini wake n'kumati Amalawi sadziwa kumanga. Dzina limaipa ndi la tonse.

Mnyamata wa Kalingalinga: Pepani bambo, koma lendi sadikira dzina. Komanso pa tsiku, waulesi ndi wolimbikira amalandira zofanana. Chilungamo chili pati?

Kapitawo: Nonse mukuiwala wothandiza. Mmisiri ngakhale wachangu bwanji, wokanda matope akakhala mmodzi pa amisiri awiri, amangoima. China ndi madzi. Ku Chalala ambiri amadalira mijigo ya pampu yamagetsi, ndiye kumbukirani 2024 madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba: magetsi kulibe, pampu zii, anthu a pa buloko ankaweruka opanda kanthu. Mukasankha pa buloko, gwirizanani kuti simenti, mchenga ndi madiramu odzaza zikhale pamalo m'mawa, ndipo tsiku limene zasowa akupatseni kenakake. Mulembereni bwanayo uthenga pa WhatsApp, ayankhe, musunge.

Madala a ku Chawama: Apo mwanena. Ndipo mwana wanga wa ku Dedza, buloko si njerwa yootcha ya kwathu ija timainyika m'madzi. Ili ungoliwaza pang'ono kukatentha. Usakweze kupitirira mizere isanu ndi umodzi tsiku limodzi, zapansi zisanagwire.

Wa ku Dedza: Zikomo bambo. Nanga ndiwerengera bwanji? Akuti mamita 30 m'litali, awiri kukwera.

Kapitawo: Buloko la mamilimita 400 m'litali ndi 200 kukwera limalowa 12 ndi theka pa sikweya mita. Anuwo ndi masikweya 60, ndiye mabuloko 750, osawerengera a pansi pa nthaka ndi zipilala. Kukumba maziko muike mtengo wapadera, Chalala ndi miyala yokhayokha.

Mnyamata wa Kalingalinga: Ngati mukufuna wachiwiri ndilipo Lolemba. Levulo ndibwereka kwa madala.

Madala a ku Chawama: Udzaitenge Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, ndipo ibwerere yosasweka.